Chitseko Sindizula

Foni ya a Kayira imalira mbandakucha,
nkhungu ikadali chigonere pa Katoto.
Ali ku Joni, koma mawu awo amalowa m'nyumba osavula nsapato:
"Miyezi isanu, Lusekelo, isanu!
Tenga kalipentala ukazule chitseko.
Dula madzi. Sasula malata awiri pamwamba pa bedi,
mvula ya Mzuzu imalize yokha ntchitoyo."

Ndimati, "Ndamva, bwana,"
koma kalipentala sindimutenga.
Ndimatenga envulopu.

Nyumba nambala 14, ku Chibavi, kuseri kwa chigayo.
A Harawa ndi telala.
Makina awo ankalira pakhonde mpaka mdima,
mayunifolomu a sukulu, madiresi a amayi a kwaya,
kufikira mkazi wawo atagonekedwa ku Central
masabata asanu ndi awiri,
ndalama zonse n'kuthera pa kabaza ndi mankhwala ogula.
Ndikuzidziwa zonsezi.
Fayilo ilibe mzere wolembapo zimenezo.
Ili ndi mzere wa deti, wa ndalama, wa siginecha.

Kalata yoyamba anailandira ndi manja awiri
ngati ndawabweretsera mphatso.
Yachiwiri anasaina chiimirire, mpando osandipatsa.
Ndinati, ngongoleyi tiiduledule,
ngakhale teni sauzande pa mwezi.
Analipira kamodzi.
Mwezi wotsatira, zii.

Mabenchi a kukhoti amazizira mpaka m'mafupa.
Tinakhala benchi imodzi, ine ndi iwo,
poti ena onse anali odzaza,
ndipo cholembera changa chitakana kulemba
anandibwereka chawo, osandiyang'ana.
Mlandu unaimitsidwa kawiri.
A Kayira ananditchula maina oti sindingawalembe pano,
ati lamulo limayenda ngati nkhono,
ati mnzawo wa ku Luwinga anatulutsa munthu tsiku limodzi
ndi loko wa pamsika basi.

Sindinawauze za ku Masasa.
Ndinali sitandade folo,
ndikuchokera kusukulu ndinapeza nyumba yathu ili kukamwa yasa,
chitseko chitapita pamutu pa mwini wake.
Amayi anapachika chitenje.
Usiku umenewo agalu ankalowa kudzanunkhiza mapoto,
ife titadzigonetsa dala,
aliyense kuopa kuti mnzake adziwa kuti ali maso.

Tsiku linafika ndi asherifu awiri ndi pepala la chidindo.
Kunali kamvula kaja kosanyowetsa msanga
koma kosaleka.
Ndinapempha kuti tidikire kakate kaye.
Tinadikira pakhonde la chigayo, tonse, ufa ukutigwera m'mapewa.
Kenako ndinalemba chimodzichimodzi, iwo akuona:
bedi, matiresi awiri, mbaula, wailesi yopanda chivundikiro,
makina osokera, amene sanalole munthu wina kuwanyamula.
Aneba anaima patali, manja m'khwapa.
Palibe anakuwa. Mwina kukuwa kukanandipepukira.

Makiyi anali atatu, omangidwa ndi kansalu ka yunifolomu.
Anandiika m'dzanja, nati,
"Mpopi wa kubafa umadontha. Muwauze obwerawo
azitseka ndi mphamvu."
Lole inanyamuka kulowera ku Mchengautuwa,
kwa mlamu wawo, chipinda chimodzi.

Ndinazungulira ndekha ndi fomu yanga.
Mawindo onse alipo. Khoma lofunika penti.
Mu mita mwatsala mayunitsi anayi
amene sindidziwa ndimubwezere ndani.
Kuseri kuli bedi la mpiru, lothiriridwa m'mawa womwewo,
ndipo pepala la khoti, ndaliwerenga kawiri,
silikunena kuti mpiruwo ndi wa yani.

Ndinakoka chitseko.
Chinalira pang'ono pa mahinjesi ake, n'kutsekeka bwinobwino.
Foni m'thumba inayambanso:
"Watuluka?"
"Atuluka, bwana."
"Ndiye kweza lendi. Ulembe pachipata lero lomwe."

Choko ndinali nacho.
Ndinayamba ndakathyola mpiru uja,
n'kuimitsa wa kabaza, n'kumufunsa
ngati ku Mchengautuwa amakudziwa bwino.